Mphini Zitatu pa Dzanja Lolembera

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndili mu Sitandade 8, pamene ndinayamba kunyamula zitsulo kuseri kwa chigayo china pa Mchinji Boma. Ndinali woonda ngati bango, ndipo anzanga kusukulu ankanditcha Kansungwi. Dzinali linkandiwawa kuposa chikwapu cha aphunzitsi.

Malowo tinkawatcha jimu, koma kunena zoona chinali chisakasa cha malata adzimbiri. Mwini wake anali a Kaphale, bambo wa chifuwa chotambalala amene anagwirapo ntchito ku migodi ya ku Zambia. Ngakhale anyamata a chipani amene ankaima pa geti la msika kufunsa makadi ankayang'ana kumbali a Kaphale akamadutsa. Ine ndinkafuna kudzakhala munthu wotero.

Zonyamula zake zinali zitini za penti zothiramo simenti, zolumikiza ndi paipi. Fungo la m'menemo ndikulimvabe mpaka lero: thukuta lakalekale, dizilo wa chigayo, ndi mkodzo, poti anyamata ankangodzithandiza kuseri kwa lata. Thaulo linali limodzi la tonse, louma gwa ndi litsiro, ndipo benchi yogonapo ponyamula inkakhala yonyowa ndi msana wa amene wangodzukapo. Ndinkachita nseru, koma ndinkagonapo.

Patatha miyezi iwiri, thumba la mtedza limene kale ndinkalikoka pansi ndinayamba kulikweza ndekha pa njinga. Mayi anaona n'kusekerera. Ine ndinkangoona kuchedwa.

Loweruka lina masana, mayeso atatsala masabata awiri, a Kaphale anatiitana anyamata asanu. "Zitsulo pazokha n'zochedwa, afana. Mwamuna amafunika mangolomera." Awa ndi mankhwala otemera m'manja kuti nkhonya izilemera. Anatulutsa lezala limodzi lothyoka ndi kansupa ka phulusa lakuda. Phulusalo analithira m'chikhatho, n'kulavuliramo malovu ofiirira ndi fodya, n'kusakaniza ndi chala. Akatema mnyamata mmodzi, lezala ankalipukuta pa thaulo lija n'kuitana wina. Ine ndinali womaliza. Ndinachita manyazi kuthawa anzanga akuona, choncho ndinatambasula dzanja lamanzere.

"Bweretsa lamanja, lomenyera," anatero. Ndinapereka, ndipo ananditema mphini zitatu. Sindinaganize n'komwe kuti lomenyeralo ndi lomwenso limagwira cholembera.

Tsiku lachitatu dzanja linatupa. Ndinalibisa m'malaya a manja aatali, n'kumadziuza kuti mankhwala akugwira ntchito. Mayi ndiwo anandigwira, ndi mphuno.

"Khoswe wafera pati m'nyumba muno?" anafunsa, akusuntha mphasa. Kenaka anaima pafupi nane, n'kupinda malaya anga. Mafinya anali atamata nsalu pakhungu. Sanandimenye. Anangoti, "Dzanja limene ndikudalira kuti lipite ku sekondale, iwe ukalipereke kwa munthu wolavulira m'chikhatho?"

Kuchipatala analing'amba n'kulifinya. Zimene zinatuluka m'menemo sindingazilembe pano. Tsiku la mayeso zala zinali zikadali zonenepa ngati chinangwa, zokulunga m'bandeji. Ndinayesa kulemba ndi lamanzere, koma zilembo zake ngakhale ine mwini sindinkaziwerenga, ndipo palibe pepala limene ndinamaliza. Mayina a osankhidwa atatuluka, langa panalibe. Ndinabwereza kalasi, ndikukhala benchi imodzi ndi ana amene kale ndinkawatuma.

Chimene chinandinyansa kuposa mafinya ndi yankho la a Kaphale, mayi atapita kukawafunsa. Anayankha ali chigonere pa benchi yawo. "Mwana wanuyo anadya therere. Mankhwala anga sagwirizana ndi therere." Anyamata anayi aja anavomereza ndi mitu, mmodzi akubisa dzanja lake lotupa kumbuyo. Sindinapondenso pamalopo.

Masiku ano adokotala anandilamula kuchita masewera olimbitsa thupi chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, moti ndimapita ku jimu yeniyeni ku Lilongwe, thaulo langalanga paphewa. Ndikamva anyamata akunong'onezana za mapiritsi otupitsa minofu msanga, fungo la kuseri kwa chigayo limandibwerera kukhosi. Ndinamvetsa mochedwa kuti mphamvu zinali zitayamba kale kubwera ndi zitini za simenti zija, pang'onopang'ono, ndipo chimene ndinkasowa chinali kudekha basi.

Mphini zitatu zija zikuonekabe. Dzanjali landidyetsa ndi cholembera moyo wanga wonse, ndipo nkhonya imene ndinatayira chaka chathunthu sindinamenyepo nayo munthu.