Manja anu anawaona, Ababa

Ababa, lero ndadutsa ku Matema, pamalo ophikira buledi paja munkagwira ntchito. Pachipata amatapo pepala loti ofuna ntchito asagogode, azingotumiza mapepala awo pa foni. Ndaima padzuwa ndikuliwerenga, ndipo zondichititsa manyazi n'zakuti ndakuchitirani nsanje, inu amene muli kumanda.

Mukukumbukira tsiku lija ndinabwera ndi dipuloma kunyumba ku Degue? Tinakhala pakhonde, mukundiuza momwe munapezera ntchito mutangobwerako ku Malawi nkhondo itatha. Munalibe pepala lililonse, Chipwitikizi chanu chinkathera pa moni. Mwini malo anangoti, "Tambasula manja." Ataona kukhakhala kwake anati, "Mawa ulawirire." Mutamaliza nkhaniyo munagwira dzanja langa, n'kulitembenuza, n'kuseka. "Iwe ako ndi ofewa, mwana wanga. Ndinkakukaniza kusenza matumba kumsika kuti adzakhale chonchi. Sudzaima pachipata cha munthu ngati ine."

Munalondola, Ababa, sindiima pachipata cha munthu, chifukwa salola n'komwe. Ndimatumiza mapepala, foni n'kukhala chete, uku mdzukulu wanu akundifunsa kuti ndimagwira kuti. Anthu amati achinyamata a masiku ano ndife aulesi. Inu munavutika, sindikutsutsa, koma munthu anakuyang'anani kumaso, nakugwirani chikhatho. Ine manja aja munkawasunga ndikadali nawo, ofewa momwe munawasiyira. Mpaka lero palibe amene wandiuza kuti ndiwatambasule.