Mwendo wa a Fombe

Lachiwiri lapitali ndinali kwa Katunga, kumene akumanga nkhokwe ya thonje. Alamu anga a Zuze amagwira ntchito pamenepo. Amayendetsa chimakina cha mateyala akuluakulu ndi mano awiri achitsulo kutsogolo, chonyamulira simenti ndi njerwa. Anthu amangochitcha foloko.

Mvula inali itagwa, ndipo makande athu mukuwadziwa: pamwamba gwa, pansi phala.

Mmisiri wina wachikulire, a Fombe, anaimitsa alamu anga. "Mwanawe, ndikwere pamatumbapo ukanditsitse uko. Matopewa andithera nsapato."

"Nkhabe, bambo, sizitheka," anayankha a Zuze. "Mpando ndi umodzi, ndipo ndakhalapo ine."

Anthu anang'ung'udza. Wina anati alamu anga ayamba kunyada.

Masana chimakinacho chinali m'manja mwa dalaivala wina, munthu wofatsa wosadziwa kukana. A Fombe anakwera. Katundu ali m'mwamba choncho, teyala lina linamira, foloko n'kupendekeka. A Fombe anagwa, matumba a simenti n'kuwatsatira. Mkuluyo tinamunyamulira pachitseko kukamukweza lole.

Dzulo ndinakawazonda kuchipatala. Mwendo awudula m'munsi mwa bondo. Akazi awo anangondiyang'ana n'kufunsa kuti, "Nanga pakhoma azikwera bwanji?" 

Abale anga a m'chigwa chino, tili ndi nthenda: timaopa kukaniza munthu wamkulu. Thirakitala ya nzimbe ikamadutsa timaikodola, dalaivala akakana timati alibe ulemu. Ulemu wanji wothera pandodo? Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Pamisonkhano timauzidwa za kumvera ndi kusunga mwambo. Chabwino. Makina nawonso ali ndi mwambo wake, ndipo sadziwa kuti uyu ndi malume.

Tsono ine nkhaniyi sindiisiya, ngakhale mutope nane. Inu adalaivala, tsikani kaye muiponde nthakayo ndi phazi lanu musanapititsepo chitsulo. Poyenda, katundu akhale m'munsi. Munthu pamano a foloko ayi, angakhale apongozi anu. Nanu akapitawo, dalaivala akakana, muimireni kumbuyo m'malo momuseka.

Chabwino n'chiti: munthu akukwiyireni tsiku limodzi, kapena muzimuona akudumphira ndodo moyo wake wonse, mukudziwa kuti munamukweza ndinu?