Malume Kumapeto kwa Mzere

Malume anali makaniko wa njinga zamoto. Kwa zaka khumi ndi zisanu, Loweruka lililonse ankaperekeza mabwana a njinga zikuluzikulu pa msewu wokhotakhota wa kumapiri. Mabwanawo ankapita kukapitidwa mphepo, koma malume ankakhala kumapeto kwa mzere, chikwama cha masipanala atachimangirira kumbuyo ndi mphira.

Maso awo sankachoka pa matayala ndi tcheni cha amene ali patsogolo. Potsetsereka ankanunkhiza. Fungo la mabuleki opsa likawapeza, ankaliza hutala mpaka mwini njingayo ataima.

"Bwana, tsikani ndi giya. Buleki si mpando woti muzikhalira," ankatero akugwada kale pansi. Ena akamajambula zithunzi pamwamba pa phiri, iwo amakhala akumanga manati.

Mawondo atayamba kuvuta, anasiya. Chaka chatha ndinawatenga pa basi kudzera msewu womwewo, n'kuwasiyira mpando wa pawindo. Pakona ina yaikulu anandigwira mkono.

"Mphwanga, mathithi awa anayamba liti?"

"Ndi akalekale, malume."

Anayang'ana mathithiwo mpaka tinakhota.

"Ine pano ndimangodziwapo fungo la mabuleki," anatero.