Tsamba Limene Chiswe Chinasiya

Kuyambira ndili mwana, nthawi ya Misa imene ndinkadana nayo inali yolandira. Anthu akanyamuka kupita kutsogolo, amayi anga ankapinda miyendo kuti anzawo adutse, n'kutsala okha pabenchi, maso ali pa kolona. Ukwati wawo ndi bambo anga unali wosadalitsa kutchalitchi, ndiye lamulo linkati asalandire Ukaristiya. Anakhala choncho zaka zoposa makumi anayi. Koma ndi amayi omwewo ankakolopa tchalitchi Loweruka, kuphika pamaliro a mumphakati mwathu, kagulu ka akhristu a m'dera lathu, ndi kuchapa nsalu za paguwa. Nsaluzo ankaloledwa kuzigwira, koma chimene chimaikidwa pamwamba pake ayi.

Bambo anga ndi kalipentala. Anachoka kummwera ali mnyamata n'kudzakhazikika ku Masasa, kuno ku Mzuzu. Amayi nawonso ndi a kummwera, koma boma lina, ndipo awiriwa anakumanira konkuno. Nkhani yodalitsa ukwati ikabuka, yankho la bambo linali limodzi: khadi lawo la ubatizo linapsa ndi nyumba, ndipo mabuku a kumishoni kumene anabatizidwira anadyedwa ndi chiswe kalekale. Popanda umboni wa ubatizo, ku parishi sakanalemba ukwati. Ankafotokoza modandaula ndithu, mutu atapendeketsa, mpaka ine wopusa kumawamvera chisoni. Kwawo sanatitengereko ngakhale kamodzi, ankati abale onse anatha.

Ndiye Lamulungu lina analengeza kuti parishi yakonza ulendo wa masiku anayi wokayendera matauni akale ndi malo oyera, kudzera njira ya kunyanja mpaka kummwera. Powerenga mndandanda wa malowo ndinamva dzina la mishoni ya bambo anga, tsiku lachitatu. Sindinafunse munthu. Ndinalembetsa maina atatu tsiku lomwelo. Bambo anayamba zoti miyendo ikuwawa, kenaka zoti ali ndi zitseko za eni ake zofunika kumaliza. Ndinawauza kuti matabwa sathawa. Koma amayi sabata imeneyo anakagula nsalu yoyera n'kuibisa pansi pa sutikesi.

Wotitsogolera paulendowo anali mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, munthu wa konkuno, wamtali, wa fayilo kukhwapa ndi wenzulo m'khosi. Bambo ameneyo anandikwana tisanafike n'komwe ku Nkhata Bay. Anatigawira mipando ngati ana a sitandade wani, ndipo kusinthana malo unali mlandu. Kukwera basi, wenzulo. Kutsika, wenzulo. Kuyamba kolona, wenzulo. Ku Nkhotakota anatiimika padzuwa pafupi ndi mkuyu waukulu ola lathunthu akufotokoza za ukapolo, koma agogo ofuna kukadzithandiza anawapatsa mphindi zisanu. Lamulo lake lina linali loti aliyense wokhala ndi chofuna ku ofesi ya mishoni iliyonse alembe pakapepala n'kumupatsa iye, chifukwa gulu lolongosoka limalankhula ndi pakamwa pamodzi. Kapepala kathu ndinalemba ndine, nditatsamiritsa pabondo. Bambo anandiuza dzina lawo monga lilili pachiphaso, ndi chaka chimene ankaganiza kuti anabatizidwa, ndipo ndinaona kuti nkhope yawo yamasukako.

Tinafika kumishoniko dzuwa litakwera. Tchalitchi chake n'cha njerwa zofiira, chozizira m'kati, chonunkha sera ndi mileme. Anationetsa belu lakale, manda a ansembe oyamba ndi groto, kaphanga kopemphererapo ka pamwala, kenaka tinalowa Misa. Nthawi yolandira itakwana amayi anapindanso miyendo monga mwa masiku onse, koma ulendo uno anandikodola n'kunong'ona kuti mwina aka n'komaliza kutsala. Ankamwetulira ngati mtsikana.

Misa itatha aphunzitsi aja analowa mu ofesi ndi timapepala tawo. Sipanapite mphindi khumi, anatuluka n'kulunjika kwa bambo anga.

"Adada, pepani chomene. Tayang'ana chaka chimenecho, tayang'ana chakumbuyo ndi chakutsogolo. Dzina lanu mulije, mulibemo."

"Basi, tayesetsa," anatero bambo. "Mulungu waona."

Munthu wa miyendo yowawa uja anakhala woyamba kukwera basi. Ine pamenepo sindinaone chachilendo, chifukwa mtima wanga wonse unali utapsera aphunzitsi. Ndinawafunsa ngati buku la zaka zonsezo limawerengeka nthawi yophikira tiyi. Ndinati akanakhala amayi awo sakanatuluka msanga chotero, ndipo kuti chimene amadziwa n'kuliza kachitsulo basi. Ndinanena zambiri, anthu akumva, ndipo zina ndimachita nazo manyazi mpaka lero. Iwo anangoyang'ana wotchi n'kulengeza kuti basi inyamuka pakatha mphindi khumi ndi zisanu.

Amayi anandikoka chitenje n'kundifunsa kuti pakapepala paja ndinalembapo dzina liti. Nditawauza, anapukusa mutu. Anati kwawo kummwera masiku amenewo mwana sankadziwika ndi dzina la bambo ake. Mwana anali wa kuchikazi, ndipo kumishoni ankamulemba ndi mudzi wa amake ndi dzina la amalume ake, eni mbumba. Dzina la pachiphasolo bambo analitenga atayamba ntchito m'tauni. Ine wobadwira ku Mzuzu, kumene mwana amayendera dzina la bambo ake, zimenezo sizinandidzere m'mutu, ndipo aphunzitsi aja sakanaziganiza n'komwe. Sindinadzifunse kuti nanga mwini dzina anakhaliranji chete.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinawagwira dzanja amayi kulunjika ku ofesi, wenzulo ikulira kumbuyo kwathu.

"Amama, taimu yamala, yatha! Pulogalamu siilola!"

Ndinawayankha kuti akafuna atisiye, tibwera wapansi.

Mu ofesimo tinapeza akatekisiti okalamba, a magalasi omanga ndi ulusi, akudya chinangwa chophika. Mabuku anali mukabati yachitsulo, oimikidwa bwinobwino. Chiswe chinangodya m'mphepete mwa awiri kapena atatu, china chilichonse chinalipo. Akatekisitiwo atamva nkhani yathu sanafunse dzina la bambo. Anafunsa mudzi, dzina la amayi awo ndi la amalume awo. Amayi anga anayankha zonse, poti m'zaka makumi anayi munthu umatolako maina a apongozi ngakhale sunawaonepo. Akatekisiti anatsitsa buku lina, kupukuta zala pa thalauza, n'kuyamba kutsitsa chala pamzere. Patsamba lachinayi chala chinaima.

Ndinatsala pang'ono kululutira. Amayi anagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri. Koma chala cha akatekisiti chinasuntha kupita kumapeto kwa mzerewo, kumene kunali zolemba zina za inki yosiyana, ndipo anavula magalasi. Anatifunsa kaye kuti ndife ndani kwa munthuyu. Kenaka anafotokoza pang'onopang'ono kuti Mkatolika akakwatira kutchalitchi, kaya kuti, ukwatiwo umadzalembedwa pambali pa dzina lake m'buku la ubatizo. N'chifukwa chake maparishi amafuna kalata yochokera m'bukuli asanadalitse ukwati uliwonse. Pambali pa dzina la bambo anga panali polemba kale. Anakwatira m'tchalitchi chomwecho tinangotulukamo, kutatsala chaka chimodzi kuti apite kumpoto.

Kunja dalaivala anayamba kuliza hutala. Amayi anafunsa funso limodzi lokha.

"Ali moyo?"

Akatekisiti anati inde. Mayiyo amakhala kutsidya kwa mtsinje, analera yekha ana awiri, ndipo sanakwatiwenso chifukwa pamaso pa mpingo ndi mkazi wa mwini. Lamulungu sajomba.

Pamenepo ndiye ndinapsa mtima weniweni. Mwamuna mmodzi anamanga akazi awiri, wina kumpoto wina kummwera, iye n'kumapala matabwa ake akuimba mluzu. Wina anakalamba akudikira munthu wosabwera, wina anakalamba pabenchi akudziona ngati wochimwa kuposa onse mumphakati. Ndipo ine ndi dzanja langali ndinalemba dzina lolakwika, bambo akundiyang'ana, akudziwa bwino lomwe kuti m'bukumo silingapezeke. Akatekisiti anafunsa ngati kalatayo tikuifunabe. Amayi anati alembe zonse monga zilili, ndipo adinde.

Titakwera basi anthu onse anatiyang'ana ndi maso oipa, poti tinawachedwetsa nkhomaliro. Aphunzitsi anatsegula pakamwa kuti ayambe kutiphunzitsa mwambo, koma ataona nkhope ya amayi anatseka. Bambo anali pawindo, akuyang'ana mitengo ya malalanje ngati aiona koyamba. Amayi anawaika envulopu pamiyendo. Sanaitsegule.

"Ndinali mwana," anatero, osatembenuka.

Ndinawafunsa ngati anali mwana chaka chatha, pamene amayi anadwala n'kupempha Ukaristiya ali pamphasa. Ndinawafunsa ngati anali mwana dzana, pondiuza dzina lolemba. Ndinafunsa za nyumba inapsayo, kuti inali ya ndani, ndi za abale anathawo, kuti nanga ana awiri aja ndi mitengo. Sindinatsitse mawu. Azimayi a kwaya anachita zimene amachita anthu athu mkangano ukabuka pagulu: mmodzi anayambitsa nyimbo, onse n'kuvomera mokweza kuti mawu anga amire. Nyimbo yake inali ya chikhululukiro, ndipo ndikanakhala ndi mwala ndikanagenda woyambitsayo. Amenewa ndi aja akhala akuwadumpha miyendo amayi anga zaka zonsezi, osafunsa n'kamodzi komwe kuti vuto lili pati.

Aphunzitsi aja ndiwapatse zawo. Ananyamuka pampando wawo wakutsogolo, umene sankalola munthu ngakhale kuikapo chikwama, n'kuwagwira dzanja amayi kukawakhazika pamenepo. Aphunzitsiwo anakakhala pafupi ndi bambo, ndipo wenzulo sinalirenso tsiku limenelo. Mawa lake anatizungulitsa ku Zomba kutionetsa nyumba zakale za boma ndi tchalitchi china, koma mukandifunsa chimene ndinaona sindingakuuzeni.

Titabwerera ku Mzuzu amayi sanapite ku Masasa. Anatsika ndi ine kupita kwanga ku Ching'ambo, ndi kachikwama ka paulendo komweko. Patapita masiku tinakaonana ndi bambo mfumu a parishi yathu, amene anawerenga kalata ija kawiri n'kupuma mozama. Anafotokoza mwaulemu kuti pokhapokha mkazi woyambayo atamwalira, ukwati wa makolo anga sungadalitsidwe. Koma ngati amayi asiya kukhala ngati mkazi wa bambo, akhoza kulapa n'kuyamba kulandira. Amayi anati sangagwade n'kumapempha kuti mnzawo afe, munthu woti naye analakwiridwa. Anandituma kukatenga zovala zawo ndi makina awo osokera.

Achibale a mumphakati sanachedwe kubwera. Ena ankati ndiwakhululukire, ndi bambo anga, akalamba. Ena kumsika ankanena poyera kuti ndapasula banja la makolo anga ndi liuma langa, ndipo ndikanamvera pulogalamu ngati anzanga bwenzi zonse zili bwino. Bwino kwa ndani? Palibe ndi mmodzi yemwe anapita ku Masasa kukafunsa mwini bodza kuti anagona bwanji tulo zaka zonsezo. Mlandu unakhala wa ine wotsegula buku.

Amayi analandira Lachitatu lina m'mawa, pa Misa ya anthu ochepa, kunja kukuwaza kamvula kathu ka ku Mzuzu. Panalibe kwaya, panalibe nthungululu. Anavala chitenje chawo chakale ndi juzi. Poyenda kupita kutsogolo ankachita ngati akuopa kuti wina awabweza, ndipo pobwerera anagwada nthawi yaitali. Ine ndinalira, koma sikunali kulira kwa chimwemwe. Ndinkangowerenga Malamulungu onse amene anabedwa kwa munthu ameneyu.

Titatuluka ndinawafunsa kuti akumva bwanji. Titadutsa pachipata anandiyang'ana.

"Kodi bambo ako m'mawa uno adya chiyani?"

Ndinafuna kukuwa pamsewu pomwepo. Koma titafika kunyumba anaphika mbatata, kuthira tiyi m'fulasiki, n'kundipatsira m'manja. Ndinakwera njinga ya kabaza mpaka ku Masasa, mvula ikundimenya kumaso. Ndinamva bambo akukhosomola m'kati. Ndinaika chakudyacho pakhonde, kugogoda kamodzi, n'kubwerera osalowa.