Mulungu Amene Anafika Mochedwa Kumaliro

Mkazi wanga anamwalira ine ndili ku Doha, ndikulondera pageti la maofesi ku Al Mirqab. Chilolezo chotulukira m'dzikomo chinabwera atamuika kale. Manda ndinawaonera pafoni. Sindinalire. Misozi inakana kwa miyezi, mpaka ndinayamba kudziopa.

M'chikwama changa munali kope lake. Iye ankaphunzitsa ana katekisimu kwathu, ndipo m'kopemo ankalembamo zimene wansembe ankawaphunzitsa aphunzitsi a katekisimuwo Loweruka: mmene amonke ophunzira a ku Ulaya, zaka mazana ambiri zapitazo, ankayezera mawu olankhulira za Khristu. Anandilongedzera dala. "Muzikawerenga," anatero, "musakangokhala maso pageti."

Masana ena dzuwa litatithamangitsira m'kanyumba ka alonda, mnzanga wa ku Sudan, Msilamu wofatsa, anandiona ndikutsegula kopelo.

"Habibi, mnzanga, ndifunseko. Inu mumati Mulungu ankagona, ankamva njala. Ndi Mulungu wotani ameneyo?"

Ankafunsa ndi mtima woona. Ndinamuwerengera pamene mkazi wanga anadula mzere kawiri. Panalembedwa kuti: Tinganene kuti Mulungu anagona, Mulungu anafa, chifukwa amene anagona ndi kufayo ndi Mwana yemweyo. Koma tisanene kuti umulungu unagona kapena unafa. Zaumunthu zikhala zaumunthu, zaumulungu zikhala zaumulungu, koma mwini wake ndi mmodzi.

"Wallahi, anthu inu mumadzivutitsa," anaseka, n'kundithirira karak, tiyi wamkaka wa kumeneko.

Pamenepo m'pamene ndinaona timawu ta pensulo m'mphepete mwa tsambalo. Mkazi wanga anali atadzifunsa yekha: "Nanga pamene Khristu anafika mochedwa kumaliro a bwenzi lake, masiku anayi atadutsa, n'kulira pamanda, tinganene kuti Mulungu analira?" Pansi pake anadziyankha: "Eya, tinganene."

Ndinamva mmene akanawatchulira mawuwo, chala chili m'mwamba ngati ali pamaso pa ana a kalasi yake. Ndinatseka kope, n'kupempha mnzangayo kuti andiyang'anireko geti. Anandiyang'ana kumaso, n'kupita pageti.

Kuseri kwa kanyumbako, pafupi ndi makina oziziritsira mpweya amene ankandiuzira moto m'miyendo, ndinalira mpaka kolala ya yunifolomu inanyowa.

Tchuthi chitakwana ndinapita kumanda ake, kope lili m'thumba. Udzu unali utamera kale. Ndinagwada, ndinamuuza kuti ndachedwa, kenaka ndinamuwerengera yankho lake lija mokweza.