Anyezi amene ndinathira mumsuzi wa Dlamini

Ntchito yanga yoyamba ku Joni ndinaipeza nditagona pansi sabata ziwiri m'fulati ina ku Hillbrow. Mlamu wanga ananditengera kwa mayi Asiyatu a ku Mangochi, omwe ankaphikira madalaivala a matekisi pafupi ndi Park Station. Zida zathu zinali mbaula ya gasi, mapoto atatu, chiwaya cha tchipisi ndi mpeni umodzi wobuntha.

Panalinso kapoto kena kapadera. "Aka n'ka Dlamini," anatero mayiwo. "Nkhuku, karoti, mchere. Anyezi ayi, adyo ayi, nyemba ayi. Wamva?"

Dlamini anali dalaivala wathupi lalikulu, wosakonda kulankhula. Kuchipatala anamuuza kuti matumbo ake sachedwa kuvuta. M'mimba mwa aliyense muli tizilombo tosaoneka tothandiza kugaya chakudya, koma kwa iye tikakumana ndi anyezi kapena nyemba timatulutsa mpweya wambiri, mimba n'kutupa, kupotokola, kenako kutsegula. Mayi atandifotokozera zimenezi ndinaseka chamumtima. Kwathu ku Ntcheu ndani anadwalapo anyezi?

Lachinayi lina mayi anapita kukadzazitsa gasi. Ndinalawa msuzi wa Dlamini, unali ngati madzi. Ndinasinja anyezi ndi adyo mpaka osaoneka, n'kuthiramo. Dlamini atabwera, anadya zonse zimene ndinamupakulira.

Anabweranso masana atasintha buluku, chikoti chili kumanja. M'mimba munamutsegula pamsewu waukulu, popanda poima, tekisi itadzaza anthu.

"Wathiramo chiyani?" anakuwa m'Chizulu.

Sanadikire yankho. Chikoti choyamba chinandilemba pakhosi, chachiwiri kumsana. Anamenya tebulo ndi theche, chiwaya chinagubuduka, mafuta owira n'kunditayikira padzanja lamanzere. Khungu linasupuka ndikuona. Madalaivala anzake anatizungulira. Wina ankakuwa kuti anthu obwera amathira poizoni m'zakudya, wina anali atanyamula kale chitsulo cha jeke. Ndinadzipinda pansi, nsapato zikundipeza m'nthiti.

Mayi Asiyatu anafika akuthamanga, n'kuima pakati pa ine ndi iwo. Anatola kapoto kaja, anakomba msuzi wotsala ndi zala, n'kudya onse akuona.

"Ndi anyezi, baba. Akanakhala poizoni ndikanagwa pompano."

Dlamini ananunkhiza kapotoko, anakaponya mumsewu, n'kumapita. Sanadyenso pamalo athu, ndipo madalaivala ena anayi anamutsatira.

Kuchipatala, namwino amene ankandimanga bala anamvetsera nkhani yonse. "Matendawo alipodi," anatero. "Koma palibe matenda amene amalola munthu kukumenya chonchi."

Mayi sanandichotse ntchito, ngakhale sanandilankhule masiku atatu. Zala ziwiri za dzanja lija sizipindika mpaka lero, ndipo Dlamini sindinamukhululukire. Komabe anyeziwo ndinathira ndine, nditauzidwa. Panopa ndili ndi malo anga ophikira ku Joubert Park. Munthu akandiuza kuti chakuti sadya, sindimufunsa chifukwa, sindiseka. Ndimangotsuka mpeni kaye ndisanadule nyama yake.