M'nyumba mwa Enifa Simudwala Munthu

Enifa anafika ku Mkanda kuchokera ku Ntcheu chaka chimene mvula inachedwa mpaka Khrisimasi. Anabwera pa lole ya esiteti pamodzi ndi amuna ake, a Kefasi, amene analembedwa utenanti wa fodya. Akazi ena pa lolepo ananyamula mbale ndi nkhuku. Enifa ananyamula kampoto kakuda ndi mtolo wa makungwa a muwawani womanga ndi luzi.

Kampotoko sikanaphikepo ndiwo chiyambire. Ntchito yake inali mankhwala, ndipo kankayendera nyengo. Mvula yoyamba ikagwa, madzi a m'zitsime n'kuda, m'mimba mwa anthu munkatseguka, ndipo Enifa ankawiritsa masamba anthete a gwafa. Mu Juni, mwera ukayamba kulowera pansi pa chitseko, ankathyola masamba a bulugamu m'malire a esiteti, n'kumufunditsa wodwala bulangete pamwamba pa nthunzi mpaka atuluke ngati wachokera ku ubatizo. Zilonda za m'chilimwe zinali za alovera amene anadzala pakhonde. Koma kaya ndi mutu, kaya ndi msana, kaya munthu wangodzuka wosakondwa, zonse zinkathera pa kapu ya muwawani.

Amene anaumwapo amadziwa. Kuwawa kwake sikuthera pakamwa. Kumatsika mpaka kuzala za kumapazi, n'kubwereranso kudzafunsa ngati wamva. Enifa ankati mankhwala osawawa ndi tiyi. Ankaima pompo mpaka pansi pa kapu paoneke, ndipo wodwala sankaloledwa kuthokoza, poti mankhwala ukawathokoza sagwira. Lamulo limeneli palibe amene analivutikira.

Ana anakula, ndipo pakati pa matenanti panamveka mbiri yoti m'nyumba mwa Enifa simudwala munthu. Enifa ankaivomera mbiriyo modzichepetsa. Mwana wake Ivy atakwatiwa ku Kapondo, anagwidwa chimfine sabata yoyamba yomweyo, n'kugona nacho mwamtendere. Enifa anati ndi madzi a kumeneko.

Malungo okha ndiwo kampotoko sikankaloledwa kuwakhudza. Mwana wake woyamba anamusiya kumanda a ku Ntcheu, atamumwetsa madzi a nimu mpaka tsiku limene anasiya kumeza. Nkhaniyi Enifa sankaikamba. Koma thupi la munthu likatentha n'kumanjenjemera, ankamukweza njinga, ulendo wa kuchipatala, kaya mvula igwe bwanji. Kungoti munthu akati mutu, Enifa ankayambira pa kapu, ndipo malungo nawonso amayambira kumutu.

Chaka chatha mu Febuluwale, fodya atakhwima, madambo atadzaza udzudzu, a Kefasi anayamba kulawira kumunda mame asanaume, osadikira phala. Masana ankabwera atavala jekete la kutchalitchi, kunja kukutentha.

"Bambo a Ivy, jeketeli n'lachiyani?" anafunsa Enifa.

"Lakhalitsa m'sutikesi. Ndikuliwombetsa mphepo."

"Maso anuwo afiira."

"Ndi fodya."

"Nanga mutu?"

"Mutu uli bwinobwino. Sunakhalepo bwino chonchi."

Enifa anayang'ana kampoto. A Kefasi anayang'ana khomo, n'kutuluka akuimba mluzu. Mluzuwo unkanjenjemera, koma Enifa anaganiza kuti mwina ndi momwe nyimboyo imayendera.

Choonadi anakachimva pamjigo, kwa Imelda, mkazi wa a Mateyo amene ankayanika fodya m'chigafa chimodzi ndi a Kefasi.

"Mayi a Ivy, abambo akupeza bwanji?" anafunsa Imelda.

"Sadwala."

"Oo. Ndiye m'chigafamo akungogonamo mwachisangalalo."

Enifa anasiya kupopa. Imelda anapukuta manja pachitenje n'kufotokoza kuti a Kefasi papita masiku osagwira tsamba la fodya, ndipo mizere yawo akuthyola ndi a Mateyo.

"Anatiletsa kukuuzani. Akuti imfa imabwera kamodzi, koma kapu yanu ndi m'mawa ndi madzulo."

"Anatero?"

"Si iwo okha, anzanga. Ana anu onse anakulira kukhitchini kwanga. Ivy asanakwatiwe, chimfine chake chonse ankadwalira kuseri kwa nkhuni zanga."

Enifa anasiya ndowa pamjigo pomwepo. Anakawapeza a Kefasi m'chigafa atagona pansi pa fodya wosokedwa, atafunda masaka, mano akugundana. A Mateyo anali chapatali, akusoka fodya mwachidwi chimene sanakhalepo nacho. Enifa anagwira chipumi cha amuna ake. Kutentha kumeneko anakudziwa. Kunali kwa ku Ntcheu.

"Dzukani, tizipita."

"Ndikuyang'anira fodya."

"Maso mwatseka."

"Ndikumumvera fungo."

Enifa anawagwira m'khwapa kuti awadzutse, koma a Kefasi anakupatira mzati wa chigafa ndi manja onse awiri. Munthu wodwala amalemera, ndipo wokana amalemera kuposa pamenepo.

"Mwabwera nayo kapu?" anafunsa.

"Tikupita kuchipatala."

"Tikabwerako ndikaipeza ikundidikira. Bola ndithere pano, pali mthunzi."

Enifa anayang'ana milomo yawo youma, yotuwa ngati chikonyo. Anaona kuti dzuwa likapendeka munthuyu sathanso kukhala panjinga.

"A Mateyo, bwerani mumve," anatero. "Kampoto kaja ndikupereka kwa akazi anu aziphikira nyemba. M'nyumba mwanga simudzawiranso muwawani."

A Kefasi anatsegula diso limodzi.

"A Mateyo, mwamva?"

"Ndamva, achimwene."

A Kefasi anausiya mzati.

Enifa anawakhazika pakaliyala n'kuwamangirira kumsana kwake ndi chitenje, ngati mwana. Msewu unali matope okhaokha. Chimanga chinali chitachita ngaiyaye mbali zonse, ndipo mutu wa a Kefasi unkagunda paphewa pake njinga ikalowa m'dzenje. Enifa anapalasa osacheuka, akuwalankhulitsa kuti asagone. Anawafunsa mayina a ana awo onse, ndipo a Kefasi anayambira pa woyamba uja.

Kuchipatala anawabaya chala n'kupeza malungo. Namwino anati akanachedwa pang'ono nkhani ikanakhala ina. Anawabaya jakisoni, n'kuwagoneka.

A Kefasi anachira mvula ikutha, mtedza ukuyamba kukhwima. Kampoto kanapitadi kwa Imelda, koma sikanakhalitse. Anakatsuka ndi phulusa, anakatsuka ndi mchenga, nyemba zinatulukabe zowawa. Galu anazinunkhiza n'kupita kukagona kwina. Imelda anakabweza, ndipo Enifa anakavundikira pakhonde pafupi ndi alovera. Lonjezo analisunga.

Mwera utabwera, a Kefasi anayetsemula m'nyumba mwawo momwe, poyera, koyamba chikwatirireni. Enifa anawafunditsa bulangete pa nthunzi ya bulugamu, n'kuwapatsa madzi otentha a mandimu. Kenako anakakhala pakhonde, manja ali pamiyendo, akuyang'ana kampoto. A Kefasi anamuona m'mawa, anamuonanso madzulo ali pomwepo. Manja amenewo anali asanawaonepo atangokhala.

"Mayi a Ivy, wiritsani muwawani pang'ono," anatero. "Koma mukandipatsa muzitembenuka. Maso anu ndi amene amawawitsa."

Enifa anakoleza moto. Atawapatsa kapu, anatembenuka n'kuyang'ana kuminda, kumene mapesi anali atauma ndipo mbuzi zinkayenda momasuka. Kumbuyo kwake anamva madzi akukhuthukira pansi, patsinde pa alovera, kenako a Kefasi akutsokomola mwaulemu. Analandira kapu yopanda kanthu, osafunsa, ndipo iwo sanathokoze.

Masiku ano m'nyumba mwa Enifa mumadwala anthu ngati m'nyumba zina zonse, ndipo amanena msanga. Mbiri ija inatha. Alovera wa pakhonde yekha ndiye sanadwalepo mpaka lero.